Kasakidwe ka gwero la vuto pamene makina a fakitale ali m'magawo komanso m'nthambi zotalikirana

Mafakitale ang'onoang'ono ambiri amene akutsegulidwa m'chigawo cha Tete ku Mozambique sakhala pansi pa denga limodzi. Bungwe la alimi kapena mwini bizinesi amaika makina okonola chimanga ku Domwe kumene chimangacho chimalimidwa, chigayo chachikulu ku Ulongwe, makina ofinya mafuta a soya ku Tsangano kapena ku Furancungo, kenaka makina olongedza ufa m'mapaketi ku Moatize, kufupi ndi ogula. Panthambi iliyonse makinawo amakhalanso m'magawo oima paokha, ndipo gawo lililonse limakhala ndi mota yake, bokosi lake la magetsi limene amisiri a kuno amalitcha kwadro, masensa ake (tizipangizo tozindikira zimene zikuchitika m'makina), ndiponso nthawi zina kakompyuta koyendetsa makina kotchedwa PLC. Ubwino wa kamangidwe kameneka ndi wakuti gawo likawonongeka mumalichotsa n'kuikapo lina osaimitsa ntchito yonse. Chovuta chake ndi chakuti kumene vuto laonekera kawirikawiri sikumene labadwira.

Chaka china ndinaitanidwa kuchigayo china cha ku Ulongwe kumene mota ya 22 kW inkadzizimitsa yokha ikangogaya kwa mphindi 20. Eni ake anali atasintha kale rilei yoteteza mota, anali atabwerekanso mota ina, koma vuto linali lomwelo. Gwero lake tinakalipeza kunthambi yokonola, kumene mnyamata watsopano ankawaza madzi ambiri pokonola n'kumapakira mphale m'matumba isanaume. Mphale yonyowayo inkamata sefa, ufa sunkatuluka, ndipo mota inkalemedwa mpaka rilei n'kuiteteza monga momwe inapangidwira. Masitepe otsatirawa ndi amene ndimatsata pofuna kuti ndisawonongetse ndalama pa chitsulo chosalakwa.

Choyamba, funsani ndi kulemba musanatsegule bokosi la zida

Munthu amene anali pamakina pamene vuto linkayamba ndiye mboni yanu, choncho mufunseni mwaulemu komanso pambali, chifukwa akaona ngati mukumuzenga mlandu pamaso pa abwana ake adzakubisirani chimene mukuchifuna. Kunena kuti, "Achimwene, tandifotokozereni mmene zinayambira," kumatsegula pakamwa kuposa kufunsa kuti walakwitsa ndani. Mukufuna kudziwa nthawi imene vuto linayamba, chimene makina ankagaya, phokoso kapena fungo limene linamveka, ndiponso ngati vutolo limakhalapo nthawi zonse kapena limabwera n'kupita. Funso lofunika kuposa onse ndi lakuti chasintha n'chiyani m'masiku apitawa, kaya ndi chimanga chochokera kwina, lamba watsopano, wantchito watsopano, mvula ya ziphaliwali, kapena mmisiri wina amene anakhudza kwadro.

Ngati pali sikirini yoonetsa maalamu, ijambuleni ndi foni wina asanadine batani lofufuta. Mumzere wa magawo olumikizana, gawo limodzi likaima onse otsatira amadandaula, ndipo sikirini imadzaza ndi mauthenga. Alamu imene inayamba kulira ndiyo imakulozerani njira, ndipo zinazo nthawi zambiri zimakhala zotsatira chabe. Apa dziwani kuti mawotchi a ma PLC amasemphana, makamaka batire lamkati likatha, kotero yerekezani wotchi ya gawo lililonse ndi ya foni yanu musanakhulupirire kuti alamu iyi inayamba ndipo iyo inatsatira.

Chachiwiri, dzitetezeni

Musanalowetse dzanja pamene pali malamba, mapuli kapena nyundo za chigayo, zimitsani swichi yaikulu, itsekeni ndi loko wanu, ndipo kiyi akhale m'thumba mwanu. Yesani mita yanu pamalo amene mukudziwa kuti pali magetsi musanaikhulupirire pamene ikukuuzani kuti palibe. Invata yosinthira liwiro la mota imasunga magetsi oopsa kwa mphindi zingapo itazimitsidwa, choncho dikirani nthawi imene yalembedwa pachivundikiro chake. Musawotcherere chitsulo m'chipinda chodzaza fumbi la ufa, pakuti fumbi limenelo likakhala mumpweya limatha kuphulika.

Chachitatu, jambulani mzere wonse ndipo muike chizindikiro pamalire

Tengani pepala mujambule gawo lililonse ngati kabokosi, kuyambira pamene chimanga chimalandiridwa mpaka pamene paketi imasokedwa, osasiya magawo amene ali kunthambi zina ngakhale atakhala pamtunda wa makilomita oposa 200, monga momwe Ulongwe alili kuchokera mumzinda wa Tete. Galimoto yonyamula mphale ndi nyumba yosungiramo katundu nazonso ziwerengedwe ngati magawo, chifukwa katundu amatha kunyowa, kufumbwa kapena kusakanikirana ndi miyala m'njira.

Pamalire a magawo awiri pamadutsa zinthu zitatu, zomwe ndi katundu amene akukonzedwa, mphamvu yoyendetsa makina, ndi uthenga wouza gawo lina kuti liyambe kapena liime. Funso limene mudzafunsa pamalire aliwonse ndi limodzi, lakuti kodi gawoli likulandira zoyenera, nanga likutulutsa zoyenera. Gawo limene likulandira zabwino n'kumatulutsa zoipa ndilo lodwala. Gawo limene likulandira zoipa musalitsegule n'komwe, koma bwererani m'mbuyo kwa limene likulidyetsa. Ku Ulongwe kuja, tikanangopisa dzanja m'thumba la mphale tsiku loyamba, mota sikanamasulidwa.

Chachinayi, dulani mzere pakati

Amisiri ambiri amayamba kugawo loyamba n'kumayenda limodzilimodzi, kapena amathamangira gawo limene linawavutitsa chaka chatha. Njira yachangu ndiyo kuyeza pakati pa mzere. Ngati pakatipo zonse zili bwino, vuto lili kutsogolo, ndipo ngati zafika kale zolakwika, vuto lili kumbuyo. Theka lotsalalo mulidulenso pakati. Mzere wa magawo 8 umafuna miyeso 3 yokha kuti mutsale ndi gawo limodzi, ndipo wa magawo 16 umafuna miyeso 4. Pamene nthambi zili zotalikirana, sankhani poyambira pamene mungayeze osakwera galimoto, monga kupempha mnzanu wa kunthambiyo kuti ayeze n'kukutumizirani chithunzi cha mita pa WhatsApp.

Njirayi imasokonekera pamene gawo lakutsogolo limalamulira lakumbuyo, monga sensa ya m'thanki ya ufa imene imaimitsa chigayo thanki ikadzaza. Pamenepo chigayo chimaoneka ngati chafa pamene chikungomvera lamulo, choncho onani kaye ngati palibe uthenga umene ukuchiletsa kuyamba.

Chachisanu, yezani magetsi makina akugwira ntchito

Pa sitepe iyi ndikhalitsapo, chifukwa mavuto ochuluka amene amaoneka ngati a chitsulo amakhala a magetsi. Chigawo chathu chili ndi damu la Cahora Bassa ku Songo, limene mphamvu yake ndi 2,075 MW, koma zimenezo sizisintha chikhalidwe cha waya, chakuti magetsi amatsika akayenda mtunda wautali, makamaka madzulo pamene ogwiritsa ntchito achuluka. Kuwonjezera apo, chingwe chochepa chimene mwini chigayo anagula pofuna kupulumutsa ndalama chimatsitsa magetsi mkati mwa mpanda wake womwe.

Pamagetsi a mafezi atatu, kutanthauza mawaya atatu amoto opita ku mota, muyembekezere pafupifupi 400 V pakati pa fezi ndi fezi, ndi 230 V pakati pa fezi ndi nyutirali, ngakhale makina akale amalembedwa 380 V ndi 220 V. Yezani mota isanayambe, muyezenso ikugaya, pakuti waya wolumikizidwa molobodoka amaonetsa nambala yabwino pamene palibe katundu ndipo amagwa mota ikalemedwa. Lembani manambala onse atatu. Tiyerekeze kuti mwapeza 402 V, 398 V ndi 376 V. Mukawaphatikiza n'kugawa patatu mupeza 392 V, ndipo fezi imene yatalikira kwambiri yasiyana ndi 16 V, kutanthauza kusiyana kwa pafupifupi 4 peresenti. Nambala imeneyi imaoneka yaing'ono, koma kusiyana kwa ma ampeya kumene imabweretsa kumakhala kowirikiza ka 6 mpaka ka 10, ndipo koyilo imodzi ya mota imatentha kuposa zinzake. Kusiyana kwa mavoti kukapitirira 1 peresenti mota siyeneranso kusenzetsedwa katundu wake wonse, ndipo kukapitirira 5 peresenti siyenera kuyendetsedwa.

Mukatero, yezani ma ampeya a fezi iliyonse ndi mita yopanira waya, n'kuyerekeza ndi nambala yolembedwa pachikwangwani cha motayo. Ngati mafezi onse atatu akwera mofanana, mota ikulemedwa ndi chinachake, monga sefa yomata, bering'i youma, lamba wokokedwa kwambiri kapena chimanga cholowa mopitirira muyeso. Ngati fezi imodzi yokha ndiyo yasiyana, zimitsani n'kusuntha mawaya atatuwo mozungulira, woyamba apite pa malo a wachiwiri, wachiwiri pa a wachitatu, wachitatu pa a woyamba, kuti mota izizungulirabe mbali yomweyo. Kusiyana kukatsatira waya, vuto lili kumene magetsi akuchokera, koma kukakhalabe pa mwendo womwewo wa mota, vuto lili mkati mwa mota. Pokhapo ndi pamene muyenera kuimasula n'kuyeza mawaya ake ndi mega ya 500 V, mita yoyezera mphamvu ya zokutira mawaya, ndipo mota yotere ikaonetsa zochepera 1 MΩ isalumikizidwenso isanaumitsidwe kapena kukulungidwanso.

Kutentha nakonso kumasiyanitsa nthambi zathu. Mota imene imagwira bwino m'mapiri ozizira a ku Angonia, kumene kuli Ulongwe, imatha kumazima masana ku Moatize m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kunja kumapitirira 40 °C ndipo m'nyumba ya malata kumaposa pamenepo. Amisiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi 10 °C kupitirira malire ake, moyo wa zokutira mawaya a mota umachepa ndi theka. Musakweze rilei kuti ileke kuzimitsa. Chotsani fumbi m'mizere ya mota ndi pa fani yake, tsegulani podutsa mphepo, ndipo ngati n'kotheka sunthirani ntchito yolemera m'mawa.

Chachisanu ndi chimodzi, tsatirani uthenga

Katundu ndi mphamvu zikakhala bwino koma gawo likukanabe, tsatirani uthenga. Masensa ambiri amayendera 24 V DC, ndipo kabokosi kopereka mphamvuyi kakafooka, masensa angapo amayamba kunama nthawi imodzi, choncho yambirani pamenepo. Kenaka ikani chinthu kutsogolo kwa sensa muone ngati kanyali kake kakuyaka, muonenso ngati kanyali kofanana nako pa PLC kakuyaka. Ngati ka pa sensa kakuyaka koma ka pa PLC ayi, vuto lili m'chingwe chapakati, ndipo m'nyumba zosungiramo chimanga woyamba kumuganizira ndi khoswe. Sensa yoona ndi kuwala imachita khungu ndi fumbi la ufa, kapena la malasha kwa amene ali ku Moatize, ndipo imangofuna kupukutidwa ndi kansalu.

Masensa oyeza kulemera, kutentha kapena kudzaza kwa thanki kawirikawiri amatumiza uthenga wa 4 mpaka 20 mA. Ubwino wa dongosololi ndi wakuti thanki yopanda kanthu imaonetsa 4 mA, yatheka 12 mA, yodzaza 20 mA, kotero mukapeza 0 mA mwadziwa kuti waya waduka kapena sensa ilibe mphamvu, osati kuti thanki yauma.

Magawo akamalankhulana pa chingwe cha RS-485 ndi chiyankhulo cha Modbus, chimene kampani ya Modicon inatulutsa mu 1979 ndipo chikugwirabe ntchito m'makina ambiri, pali zinthu zochepa zoti muone. Kumapeto onse awiri a chingwe kumayenera kukhala rizista ya 120 Ω, choncho mutazimitsa zonse muyenera kupeza pafupifupi 60 Ω pakati pa mawaya awiri a uthenga. Zida zonse ziyenera kulankhula pa liwiro limodzi, monga mabiti 9600 kapena 19200 pa sekondi, ndipo chida chilichonse chikhale ndi nambala yakeyake pakati pa 1 ndi 247. Chingwe cha uthenga chisamangidwe mtolo umodzi ndi mawaya ochokera ku invata. Mvula ya ziphaliwali ikadutsa, makhadi olankhulirana ndiwo amafa msanga, pamene mota zimapulumuka.

Chachisanu ndi chiwiri, funsani nthambi zina

Apa ndi pamene kutalikirana kwa nthambi kumasanduka phindu, pakuti muli ndi makina ofanana amene akugwira ntchito m'malo osiyana. Vuto likaoneka panthambi imodzi yokha, liganizireni kuti ndi la pamalopo, monga magetsi, kutentha, fumbi kapena kagwiridwe ka ntchito. Likaoneka m'nthambi zingapo sabata imodzi, funani chimene onsewo agawana, kaya ndi masefa ogulidwa pamodzi, girizi wamtundu watsopano, pulogalamu imene inasinthidwa, kapena chimanga chochokera kwa wogulitsa mmodzi. Likaoneka kunthambi yolandira katundu koma kotumiza kulibe dandaulo, yezani katunduyo pamene akupakiridwa ndi pamene akutsitsidwa.

Kuti zimenezi zitheke, nthambi iliyonse iyenera kutha kudziyeza yokha poyamba, popeza netiweki ya foni imadukaduka ndipo m'nyengo ya mvula misewu ina yadothi imavuta. Wantchito wa panthambi aphunzitsidwe kuwerenga mavoti ndi ma ampeya, kujambula alamu, ndi kujambula phokoso la makina kwa masekondi ochepa. Mmisiri wamkulu ndiye amasonkhanitsa malipotiwo n'kuona chithunzi chonse, ndipo amanyamuka akudziwa kale chida chimene ayenera kunyamula.

Kusinthanitsa gawo lokayikitsa ndi lina lodziwika kuti ndi labwino ndi muyeso wamphamvu, koma uli ndi misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti chimene chinapha gawo loyamba, monga waya wokhudzana ndi chitsulo, chidzaphanso lobwerekalo mukapanda kuchichotsa kaye, ndipo mudzaimitsa nthambi ziwiri m'malo mwa imodzi. Wachiwiri ndi wakuti gawo lobwereka limabwera ndi nambala ndi makonzedwe a kwawo, ndipo likapezana ndi chida china cha nambala yomweyo pa Modbus, zonse ziwiri zimayankha pamodzi ndipo mzere wonse umasokonezeka. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, muyese, mulembe. Mukasintha zitatu n'kuona makina akuyenda, simudzadziwa chimene chinali chowonongeka, ndipo ziwiri zabwino mudzazitaya.

Chachisanu ndi chitatu, yerekezani chimene chilipo ndi chimene chimayenera kukhalapo

Akatswiri a nkhaniyi amagawa njira zofufuzira mavuto m'magulu atatu. Gulu loyamba limadalira luso limene amisiri asonkhanitsa, lolembedwa ngati mtengo wa mafunso kapena ngati chithunzi chonga minga ya nsomba chimene Kaoru Ishikawa wa ku Japan anatchukitsa, pomwe zoyambitsa vuto zimaikidwa m'magulu a anthu, makina, katundu, njira, miyeso ndi malo. Gulu lachiwiri limawerengera chimene makina abwino amayenera kuchita n'kuyang'ana kusiyana kwake ndi chimene chayezedwa. Gulu lachitatu limadalira manambala osungidwa kwa nthawi yaitali. Mafakitale akuluakulu amachita ziwiri zomalizazi ndi makompyuta, koma ndaona kuti sikelo ndi kope zimakwanira pa fakitale ya kwathu.

Thumba la 50 kg likalowa m'makina okonola, mphale ndi gaga zotuluka ziyenera kufika pafupi ndi kulemera komweko, ndipo nthambi iliyonse iyenera kudziwa gawo la gaga limene imapeza makina ali bwino. Gaga akachuluka mwadzidzidzi, makina akuswa chimanga. Kulemera konse kukachepa, katundu akutayikira penapake kapena sikelo ikunama. Chimanga cholandiridwa chiyezedwe chinyezi, ndipo chosungidwa chikhale pafupifupi 13 peresenti. Liwiro nalonso limawerengeka, chifukwa pa magetsi athu a 50 Hz mota ya mapolo 4 (nsonga za maginito za mkati mwa mota) imazungulira pang'ono pansi pa 1,500 pa mphindi ndipo ya mapolo 2 pang'ono pansi pa 3,000, kotero mukadziwa kukula kwa mapuli mungadziwe liwiro limene chigayo chiyenera kukhala nalo, ndipo likachepa lamba akuterereka.

Za kope, tsiku lililonse pa ola lomwelo wantchito alembe ma ampeya a mota iliyonse, kutentha kwa mabering'i ndi matumba ogayidwa pa ola. Nambala ya tsiku limodzi siinena zambiri, koma bering'i imene yakhala ikukwera kutentha pang'onopang'ono kwa milungu itatu ikukuuzani kuti muyitanitse ina iyo isanawonongekeretu. Mavuto obwera n'kupita, amene amabisala mmisiri akangofika, amagwidwa ndi kope lomweli, mukaona kuti amachitika masana okha, kapena pamene makina owotcherera a pafupi ayatsidwa, kapena tsiku lotsatira mvula.

Chachisanu ndi chinayi, funsani chifukwa chake, kenaka yesani ndi katundu

Mukapeza chowonongeka, funsani chifukwa chake chinawonongeka, ndipo yankho lililonse mulifunsenso chifukwa chake kufikira mutafika pa chinthu chimene mungachisinthe. Ku kampani ya Toyota njirayi inazolowereka monga kufunsa kasanu, ngakhale nthawi zina katatu kamakwana. Ku Ulongwe mota inkazima chifukwa sefa inamata, sefa inamata chifukwa mphale inali yonyowa, mphale inali yonyowa chifukwa madzi ankawazidwa mongoyerekeza, ndipo ankawazidwa motero chifukwa panalibe chiwiya choyezera kapena munthu woona mphale isanapakiridwe. Tinadula chigubu pa mlingo woyenera, ndipo tinagwirizana kuti wolandira katundu kuchigayo azikhala ndi mphamvu yobweza thumba lonyowa.

Musachoke makina atangozungulira opanda kanthu. Aloleni agaye katundu weniweni kwa nthawi yoposa imene vuto linkatenga kuti lioneke, mita ili pa waya, ndipo ngati vutolo linali la masana muyesere masana. Chotsani waya aliyense amene munadumphitsira sensa poyesa, bwezerani zotchingira malamba, ndipo gawo lobwereka libwerere kwawo litabwezeredwa nambala yake ya Modbus. M'kope mulembe tsiku, chizindikiro chimene chinaoneka, manambala amene munayeza musanakonze ndi mutakonza, ndi chida chimene mwasintha, kenaka mujambule tsambalo n'kulitumiza kunthambi zonse zimene zili ndi gawo lofanana, kuti nawonso akaone sefa, chingwe kapena bering'i yomweyo sabata isanathe.